Urea womwaza pamwamba ndi urea wokwirira: kusiyana kwake mumpweya wa ku Thyolo

Kathiridwe ka feteleza wa urea kamakhudza mpweya umene timapuma. Malole a dizilo onyamula tiyi amatulutsa mu utsi wawo mipweya yotchedwa ma nitrogen oxide, omwe dzuwa likawala amasanduka asidi wotchedwa nitric acid. Asidiyu akakumana ndi amoniya (mpweya wa fungo lamphamvu wokhala ndi nayitrojeni) amapanga tinthu ta mchere wotchedwa ammonium nitrate, tosaoneka ndi maso, tochepera ma micrometre 2.5 (milimita imodzi ili ndi ma micrometre 1,000), tolowa mpaka m'mapapo, makamaka m'mawa kukazizira komanso kukakhala chinyezi.

Amoniya wambiri amachokera m'minda ndi m'makola. Kumwaza urea pamwamba n'kwachangu, koma dothi likakhala lonyowa, dzuwa likuswa mtengo, ureayo amasweka m'masiku ochepa, amoniya n'kuuluka. Urea ali ndi nayitrojeni 46%, chakudya cha mbewu, ndipo gawo lina la nayitrojeni amene munagulayu latayika. Kukwirira m'kadzenje ka masentimita 5 pambali pa phando kumapweteketsa msana, koma dothi limagwira amoniyayo. Ife tikuti kwirirani. Urea womwazayo amapulumuka pokhapokha mvula yabwino ikagwa msanga n'kumulowetsa pansi.