Kalulu wansalu wa £32, komanso chitenje cha amayi chomwe anakana kuchisoka

Patha miyezi inayi tili naye kalulu ameneyu, wachapidwa m'makina kasanu, walumidwa, wakokedwa makutu, tsiku lina anagwera m'phala, ndiye tsopano ndingathe kunena zoona zake osati zachisangalalo cha tsiku logula zija.

Ndinamupeza pa kamsika ka zopangapanga kamene kamachitikira mu holo ya tchalitchi kuno ku Leicester. Pa tebulo lina panali mayi wina wachikulire ndithu, amasoka yekha kunyumba kwake, anayala akalulu, njovu ndi timimba tansalu ndipo ena anawaveka nsalu zamaluwa ngati zitenje zakwathu. Mwana wanga ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi itatu, chilichonse chimathera mkamwa. Nditafunsa mtengo akuti £32. Ine aaa, kachidole? M'mutu ndinayamba kale kusintha kukhala makwacha, matenda athu aja, ndipo ndinatsala pang'ono kuchokapo poti m'mashopu akuluakulu chidole chonga chimenecho sichifika ndi £10 yomwe.

Koma kusoka kwake eee, munthu ukaona umadziwa kuti apa padutsa dzanja lodziwa. Msoko wake ndi wothinana, anabwereza kawiri m'makutu ndi m'miyendo, maso ndi mphuno anachita kupeta ndi ulusi, palibe batani ngakhale limodzi. Ndiye ndinaganiza zanzeru, ndinati mayi, ndili ndi chitenje chomwe amayi anga ananditumizira kuchokera ku Limbe, mundisokere kalulu ndi chimenecho kuti mwanayu akhale ndi kanthu ka agogo ake, ndilipira zowonjezera. Anakana. Mwaulemu ndithu koma anakanitsitsa, ndipo ndisaname zinandiwawa, ndinaona ngati akunyoza nsalu yakwathu.

Anandikhazika pansi nkundionetsa fayilo yake, chifayilo chonenepa ngati cha ku khoti. Nkhani yake ndi yakuti kuno chilichonse chopangidwa kuti ana osakwana zaka 14 aziseweretsa chimagwera pansi pa lamulo la Toys (Safety) Regulations la 2011, ndipo lamuloli silisankha kuti uyu ndi fakitale yopanga zidole mamiliyoni, uyu ndi gogo wa makina amodzi pa tebulo lodyera. Ukangogulitsa basi, ndiwe "wopanga", uyenera kuika chizindikiro cha UKCA kapena CE chosonyeza kuti chidolecho chikutsata malamulo a chitetezo, ndipo usanaike uyenera kutsimikiza kuti chidolecho chadutsa miyezo yomwe amaitcha EN 71. Zidole zofewa zansalu amazitenga kuti nzoyenera ngakhale khanda, ndiye sungathawire kulemba kuti "cha ana opitirira zaka 3" ayi, chiyenera kudutsa mayeso okhwima aja a ana aang'ono.

Mayeso ena amachita yekha kukhitchini kwake, ndipo apa ndinaseka. Ali ndi kasikelo koyezera zikwama kaja timakagwiritsa ntchito tikamapita kumudzi kuopa kulipira katundu wopitirira pa eyapoti. Amapana khutu la kalulu nkukoka ndi mphamvu yofanana ndi kupachikapo makilogalamu 9 kwa masekondi 10, khutu lisathothoke. Msoko nawo amaukoka pafupifupi makilogalamu 7 kuti thonje lam'kati lisatuluke. Ali ndi kachitini kakang'ono ka mamilimita 31.7 m'mimba mwake, koyerekeza kukhosi kwa mwana, kanthu kalikonse kothothoka kakakwana m'menemo ndiye kuti kalephera. Ndi chifukwa chake anasiya maso a pulasitiki. Kenako pali za moto, amasoka kalulu wathunthu bwinobwino nkumuyatsa dala panja, kuwerenga kuti moto ukuyenda msanga bwanji, usapitirire mamilimita 30 pa sekondi. Tangoganizani kusoka tsiku lonse kuti ukawotche. Ndipo akasintha mtundu wa nsalu kapena kapangidwe, ayambirenso.

Tsono chitenje changa chinakanidwa pa gawo lachitatu la miyezo ya EN 71 ija, la mankhwala. Limeneli sungayeze kukhitchini. Nsalu, ulusi, thonje, ngakhale kariboni, chilichonse chiyenera kukhala ndi umboni woti sichitulutsa zinthu zapoizoni ngati lead, cadmium ndi chromium mopyola muyezo mwana akamayamwa, mndandanda wake uli ndi zinthu 19. Umboniwo umachokera kwa wogulitsa nsalu ngati ali ndi satifiketi, apo ayi utumize kachidutswa ku labu ulipire wekha, ndipo mtundu uliwonse wa utoto ndi nkhani yakeyake. Chitenje cha amayi chili ndi mitundu isanu. Mukuganiza kuti mwenye wa ku Limbe anawapatsa satifiketi amayi anga? Ngakhale lisiti sindikhulupirira kkkk. Anati kuyeza chitenje chimodzicho kungadye ndalama yoposa akalulu angapo, ndipo iye ndi anzake osoka amachita kusonkherana kuti ayezetse nsalu imodzi onse nkugawana zotsatira, ngati chipereganyu, ndiye onse amathera kugula nsalu zomwezomwezo kwa ogulitsa omwewo. Mwina mwaonapo kuti zidole zamanja za kuno zimafanana nsalu, chifukwa chake nchimenechi.

Ndinagula wa nsalu yake yomwe, yachikasu ya timasamba. Panalibe wotsala wa mtundu umenewo ndiye ndinapereka oda, ndinadikira masabata asanu. Apa ndiye pondidandaulitsa poyamba, anandiuza atatu.

Chinthucho pachokha ndilibe nacho mawu. Makutu akadali pomwepo ngakhale mwanayu amamukoka ngati akuzula chinangwa. Thonje silinaunjikane mbali imodzi pochapa monga zimachitira zotchipa zija. Mtundu wachikasu wafwifwa pang'ono, pang'ono pokha, ndipo amachedwa kuuma, nyengo yozizira ino amatenga masiku awiri pa hita ndipo masiku awiri amenewo kunyumba kuno kulibe mtendere. Chondinyansa china ndi lebulo. Kachidole kakang'ono koma lebulo yake yaitali ngati chala changa, pali chizindikiro chija, dzina la bizinesi, keyala, nambala ya gulu lomwe anasokera limodzi, kachapidwe. Ndinamufunsa kuti bwanji osaichepetsa, akuti chizindikirocho chisachepere mamilimita 5 ndipo keyala iyenera kuoneka kuti a Trading Standards, aboma oona za malonda, akafuna kumupeza amupeze. Poti amagwirira ntchito kunyumba, anachita kulipira keyala ina yolandirira makalata kuti asamalembe ya pakhomo pake pa chidole chilichonse. Mapepala onsewo ayenera kuwasunga zaka 10. Koma mwana wanga lebulo yomweyo ndi imene amaikonda kuposa kalulu, amagona akuiyamwa, ndiye kaya.

Chachiwiri chondikhumudwitsa si vuto lake kwenikweni. Achemwali anga ali ku Dublin ataona zithunzi pa WhatsApp anafuna awiri a mapasa awo, mayi uja anati satumiza ku Ireland. Chichokereni Britain mu EU, wogulitsa zidole kumeneko ayenera kukhala ndi munthu kapena kampani yomuimira yokhala m'dera la EU lomwelo, pa zidole zinayamba mu Julayi 2021, ndipo kuyambira pa 13 Disembala 2024 lamulo lina la EU la chitetezo cha katundu, lotchedwa GPSR, linafikitsa zomwezo pa katundu wina yense, timabulangete ndi zina zotero, mpaka ku Northern Ireland komwe. Omuimirawo amalipiritsa chaka ndi chaka. Kampani yaikulu siimva nkomwe, koma munthu wogulitsa akalulu owerengeka pa mwezi amangotseka khomo limenelo basi. Anati anali ndi makasitomala ake okhazikika kumeneko ndipo anachita kuwalembera mmodzimmodzi kuwatsanzika.

Ine pa nkhani ya malamulowa mtima wanga uli pawiri, ndinene chilungamo. Tinakula ndi magalimoto a mawaya, mpira wachikulunga, ana adothi ndi a zitsononkho, palibe anayeza kanthu, ndipo anthu amakonda kunena kuti "si tili moyo". Inde tili moyo ife amene tikulankhulafe. Koma ndinaonapo mwana wa neba atameza kandalama, mpaka lero ndikakumbukira nkhope ya mayi ake thupi limachita tsembwe, ndiye zoti diso la chidole lisathothoke ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Za lead nazonso si nthano, mu 2007 kampani ya Mattel inabweza zidole zambirimbiri zopangidwa ku China chifukwa cha utoto wa lead, ndipo ku America zinabala lamulo la CPSIA mu 2008 lomwe linafuna kuti zinthu za ana ziziyezedwa ku labu. Olakwa anali akuluakulu koma amene analira kwambiri ndi osoka ndi osema a m'magalaja, mpaka mu 2011 anachita kulifewetsako kwa opanga zochepa. Chimene chimandipweteka ine nchakuti mayi ngati uyu, amene ukhoza kumupeza Loweruka lililonse pa tebulo lake nkumuyang'ana m'maso, ndi amene amanjenjemera ndi fayilo, pomwe pa ma app otchipa aja tikuodapo zidole za £2 zobwera mu kapulasitiki kopanda ndi dzina lomwe, zina zili ndi timabatire tozungulira tija toopsa mwana akameza. Ndinaodapo kamodzi kachidole kena koimba nyimbo, chitseko cha batire chinatseguka ndi chikhadabo, ndinakataya tsiku lomwelo.

Ndiye kwa amayi anzanga amene mumasoka ndipo mukuganiza zoyamba kugulitsa zidole za zitenje kuno, poti ndikudziwa tilipo ambiri ndi makina m'nyumbamu, yambani mwafunsa za satifiketi ya nsalu musanadule kalikonse. Kupatsa mwana wa mnzako mphatso ndi nkhani ina, kuika mtengo pa Facebook kapena pa Etsy, msika wa pa intaneti wa zamanja, ndi nkhani inanso.

Nyenyezi ndikupereka zinayi mwa zisanu, imodzi ndachotsera masabata asanu aja ndi kuuma mochedwa. Ndaodanso njovu ziwiri, ndidzapita nazo ndekha ku Dublin pa Isitala ngati mphatso. Chitenje cha amayi chija ndikuberekera mwana, ndipo ali kumbuyoko amatafuna ngodya yake tsiku lonse, mitundu isanu yonse ija, kalulu wa satifiketi ali m'manja.