Mafunso 36 a ECR-R: othandiza chibwenzi chikatha, bola osathamangira

Mafunso oyeza mmene munthu amakondera achuluka pa intaneti, ndipo ambiri ndi ongotayitsa nthawi. Mafunso a ECR-R (chidule cha Experiences in Close Relationships-Revised), oyeza mmene munthu amakhalira pa chibwenzi, si choncho. Anawakonza mu 2000 akatswiri a kaganizidwe ka anthu, R. Chris Fraley, Niels Waller ndi Kelly Brennan, ndipo amapezeka ulere, m'Chingerezi.

Muli ziganizo 36. Pa chilichonse mumasankha nambala kuyambira 1, kukana kotheratu, mpaka 7, kuvomereza ndi mtima wonse. Mphindi 10 zikukwanirani. Ziganizo 18 zimayeza nkhawa yoti wokondedwa akusiyani, 18 zinazo zimayeza kuzemba, kuja kosafuna kudalira mnzako kapena kumuuza zakukhosi. Ngati mukuwerengera nokha, dziwani kuti ziganizo zina zinalembedwa motembenuza, choncho pamenepo 7 amasanduka 1, 6 amasanduka 2. Mukatero phatikizani mbali iliyonse payokha, n'kugawa ndi 18. Mukaiwala kutembenuzako, zotsatira zonse zimasokonekera.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti amakupatsani manambala awiri, osati dzina limodzi lokumatani pamphumi, ndipo manambalawo amafotokoza zambiri za masiku a kusiyana. Wa nkhawa yokwera ndi uja amalephera kugona, amaimba foni kangapo usiku, amasuzumira Facebook ya mnzakeyo, lero kupepesa mawa kulalata. Si misala ayi, mtima wake umaona kusiyidwa ngati ngozi yeniyeni. Chomuthandiza ndi kuleka kaye kulumikizana ndi mnzakeyo, ndi kukhala ndi anthu awiri kapena atatu oti aziwaimbira mtima ukayamba kuthamanga. Wozemba amaoneka ngati sizinamukhudze: amadzipanikiza ndi ntchito, nkhaniyo saitchula. Komatu kukhala chete si kuchira. Amene manambala ake onse ali otsika amalira ndithu, koma amafuna abale ndi anzake, ndipo sadziona ngati wopanda pake.

Zofooka zilipo. Mukayankha sabata yomwe chibwenzi chatha, nambala ya nkhawa ikhoza kukwera chifukwa bala likadali laliwisi. Dikirani milungu ingapo, ndipo poyankha muganizire mmene mumakhalira m'zibwenzi zonse, osati chomalizachi chokha. Mafunsowa amasiyanitsa bwino anthu a manambala okwera kuposa mmene amasiyanitsira a manambala otsika, ndiye kusiyana kwa 2.1 ndi 2.4 kusakuvutitseni. Chingerezi chake nachonso chili ndi ziganizo zofanana kwambiri, zofunika kuwerenga mofatsa.

Choipa kwambiri chomwe anthu amachita ndi kuyankhira amene wawasiya kuti apeze pomuimbira mlandu. Za mumtima mwa wina simungaziyankhe. Komanso awa si mayeso a kuchipatala. Ngati papita milungu simukudya, simukugona, kapena mukuganiza zodzivulaza, siyani mafunsowa mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi msanga.