Mapiritsi a biotin a 5,000 ndi 10,000 mcg: amathandiza ndani, nanga amasokoneza chiyani poyeza magazi

M'mafamase a mumzinda wa Harare muno, m'masaluni a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, ngakhalenso pa magulu a WhatsApp a amayi a kumpingo, botolo la biotin layamba kupezeka ngati mchere. Amalitsatsa kuti limameretsa tsitsi ndi kulimbitsa zikhadabo, ena mpaka amati limawonjezera magazi. Ife maganizo athu ndi akuti kwa anthu ambiri ndalamayo ikungolowa m'madzi, ndipo kwa ena ochepa botololi likhoza kusocheretsa dokotala pa nthawi imene moyo uli pachiswe.

Biotin ndi vitamini wa gulu la B, ena amamutcha B7. Thupi limamufunadi: pali ma enzyme (mapuloteni oyendetsa ntchito za m'thupi) asanu amene sagwira ntchito popanda iyeyu, ndipo ndi amene amathandiza kupanga shuga ndi mafuta a m'thupi komanso kuphwanya mapuloteni. Koma muyezo wake ndi wochepetsetsa. Munthu wamkulu amafuna 30 mcg (ma microgram) patsiku, mayi woyamwitsa 35 mcg. Ndiye kuti piritsi limodzi la 5,000 mcg ndi gawo la masiku oposa 160, pomwe la 10,000 mcg ndi la miyezi pafupifupi 11. Nambala yaikuluyo isakuzunguzeni, 10,000 mcg ndi 10 mg basi. Wotsalayo impso zimamutaya mu mkodzo, n'chifukwa chake mapiritsiwa nthawi zambiri sadwalitsa munthu. Pamenepo tiwayamikire.

Dzira limodzi lophika lili ndi pafupifupi 10 mcg. Chiwindi cha ng'ombe cha magalamu 85 chimakwanitsa muyezo wa tsiku lonse. Mtedza, chiponde, njere za mpendadzuwa ndi mbatata zimawonjezerapo. Amene amadya zimenezi ndi nsima yake sakhala pa mzere wa osowa biotin.

Zambiri zimene tikudziwa pa vitaminiyu zinachokera ku ntchito ya Donald Mock wa ku University of Arkansas for Medical Sciences mumzinda wa Little Rock ku America. Kuchepa kwa biotin n'kosowa kwambiri moti kuti akuphunzire bwino, ankachita kukuyambitsa dala mwa anthu athanzi odzipereka, powadyetsa choyera cha dzira chosaphika kwa milungu ingapo. Mu choyeracho muli puloteni yotchedwa avidin imene imagwira biotin zolimba m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Moto umaifoola puloteniyi, choncho dzira lophika lilibe vuto. Anyamata onyamula zitsulo amene amameza mazira aawisi m'mawa uliwonse amve pamenepa.

Gulu la Mock linapeza kuti kuyeza biotin m'magazi sikuonetsa msanga kuti wayamba kuchepa. Chimene chimasintha mofulumira ndi asidi wina wotchedwa 3-hydroxyisovaleric acid, amene amachuluka mu mkodzo, komanso enzyme ya propionyl-CoA carboxylase imene imafooka m'maselo oyera a magazi otchedwa lymphocyte. Ndi njira zimenezi anaonetsa kuti amayi ambiri oyembekezera amachepa biotin pang'ono popanda chizindikiro chooneka, ndiponso kuti kusuta fodya kumamuononga msanga m'thupi. Koma kuchepa kwa mtundu umenewu kumathetsedwa ndi chakudya kapena muyezo wochepa, osati 10,000 mcg.

Nanga nkhani ya magazi ija inachokera kuti? Ubale wa biotin ndi maselo ofiira ulipo ndithu, kungoti si umene amalonda amanena. Mock ndi anzake anakonza njira yotenga magazi pang'ono a munthu, kumata biotin pamwamba pa maselo ofiira mu labotale, kenako kuwabwezera mumtsempha. Pakapita masiku amatenga kadontho n'kuwerenga ndi makina kuti maselo odindidwa aja atsala angati. Potero amadziwa kuchuluka kwa maselo ofiira m'thupi lonse ndi kutalika kwa moyo wake, umene mwa munthu wamkulu wathanzi ndi masiku pafupifupi 120. Kale ankagwiritsa ntchito chromium-51, yemwe amatulutsa cheza choopsa chosayenera makanda obadwa masiku asanakwane ndi amayi oyembekezera. Apa biotin ali ngati chizindikiro chimene mwini ziweto amadula pa khutu la mbuzi kuti aizindikire m'gulu. Chizindikirocho sichinenepetsa mbuzi. Biotin sapanga maselo ofiira, ndipo sachiza kuchepa kwa magazi.

Kugwirana kolimba kwa biotin ndi avidin kuja ndiko kumabweretsanso vuto lenileni la mapiritsiwa. Makina ambiri a mu labotale amadalira biotin ndi puloteni ya streptavidin, yofanana ndi avidin, kuti agwire chimene akuyeza. Magazi anu akadzaza biotin wa m'botolo, iyeyo amakhala m'malo onse ogwirira aja, ndiye zotsatira zimapotoka. Zina zimatsika monama, monga TSH yoyezera chithokomiro, hCG ya m'magazi yoyezera mimba, ndi troponin. Zina zimakwera monama, monga free T4 ndi T3, mahomoni a chithokomiro. TSH yotsika pamodzi ndi T4 yokwera zimaoneka ndendende ngati chithokomiro chikugwira ntchito mopyola muyezo, ndipo munthu wabwinobwino akhoza kuyambitsidwa mankhwala amene sakuwafuna. Troponin ndiye yoopsa zedi, chifukwa ndi imene imauza dokotala kuti mnofu wa mtima ukuonongeka. Mu November 2017 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza za izi, litalandira lipoti la munthu amene anamwalira troponin yake itaoneka yotsika chifukwa cha biotin. Linabwerezanso chenjezolo mu 2019.

Si makina onse amene amasokonezeka, ndipo kuwerenga maselo kwa full blood count sikukhudzidwa. Komabe inu simungadziwe makina amene labotale ikugwiritsa ntchito, kaya ndi ku chipatala cha Parirenyatwa, cha Sally Mugabe kapena ku labotale ina ya ku Avenues. Choncho ngati mwauzidwa tsiku lokayezetsa chithokomiro kapena mahomoni, siyani mapiritsiwa masiku osachepera awiri. Wodwala impso afunse dokotala chifukwa mwa iye biotin amachedwa kutuluka. Ngati ndi zadzidzidzi, monga kupweteka pachifuwa, musadikire: pitani nalo botololo kuchipatala ndipo munene ola limene munamwa komaliza. Ambiri sanena chifukwa sawawerenga ngati mankhwala.

Pa tsitsi, umboni ndi wofooka. Kafukufuku wa 2017 amene anasonkhanitsa malipoti a madokotala anapeza anthu 18 amene tsitsi kapena zikhadabo zawo zinasintha atamwa biotin, ndipo onsewo anali ndi vuto lodziwika kale. Zimene zimathothola tsitsi la amayi athu kawirikawiri ndi zina: kuluka kokoka ndi meshi yolemera imene imadya tsitsi la pachipumi, mankhwala owongolera tsitsi, kuchepa kwa ayironi, chithokomiro, ndi kuthothoka kumene kumabwera miyezi iwiri mpaka inayi mwana atabadwa, komwe kumatha kokha. Mayi akayamba biotin nthawi imeneyo, tsitsi likabwerera amathokoza botolo. Kumbukiraninso kuti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye chithunzi cha wamalonda choonetsa kusintha kwa milungu iwiri musachikhulupirire.

Amene akhoza kuwafunadi ndi ana obadwa ndi vuto la biotinidase (enzyme yothandiza thupi kugwiritsanso ntchito biotin), anthu amene amwa kwa zaka mankhwala a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbital, omwa mowa mopitirira, ndi odyetsedwa kudzera mumtsempha kwa nthawi yaitali. Mwa iwowa tsitsi silithothoka lokha; pamakhalanso zotupa zofiira zosupuka kuzungulira maso, mphuno ndi pakamwa, nthawi zina dzanzi m'manja ndi m'mapazi. Muyezo wawo aukhazikitse ndi dokotala.

Ngati mukufooka, kupuma mwawefuwefu pokwera masitepe, m'maso mwayera ndipo tsitsi likupyapyala, ndalama ya botololo ipite koyezetsa full blood count ndi ferritin, imene imaonetsa ayironi wosungidwa m'thupi. Hemoglobin (puloteni yofiiritsa magazi) yosafika 12 g/dL mwa mayi, 11 mwa woyembekezera, 13 mwa bambo, ndiko kuchepa kwa magazi, ndipo mankhwala ake amatengera chimene chayambitsa. Woyembekezera asasinthanitse ayironi ndi folic acid wa kusikelo ndi biotin. Amene wasankhabe kugula, agule mu famase yovomerezeka, aone tsiku lothera ntchito ndi chomata cha pachivindikiro, afunse wogulitsa ngati mankhwalawo ndi olembetsedwa ku MCAZ, bungwe loyang'anira mankhwala ku Zimbabwe, ndipo atembenuze botolo awerenge kuseri, chifukwa ambiri olembedwa za tsitsi, khungu ndi zikhadabo amakhala ndi biotin wochuluka ngakhale dzina lake silili kutsogolo.