Jakisoni wa m'bondo uja, miyezi yadutsapo, nazi mmene zayendera

Amayi anzanga a kumsika ndi a kumvano mwakhala mukundifunsa kuti kodi jakisoni uja ndinabayitsa m'bondo anathandiza kapena ndalama zinangopita. Ndiyankhe mwachindunji, anathandiza ndithu koma sanachize, ndipo amene akukuuzani kuti mukabayitsa nyamakazi yatha mpaka kalekale akukunamizani.

Ndinabayitsa mvula itangosiya kumene, bondo lakumanja linali litafika poti kutsika minibasi ya ku Chinamwali kondakitala amachita kundigwira dzanja, usiku tulo osabwera. Anayamba andijambula kaye x-ray nkuona kuti chicherewecherewe chapakati pa mafupa chaperepeseka. Mankhwala ake ndi a gulu la steroid, ochepetsa kutupa, wanga anali triamcinolone, amasakaniza ndi lidocaine wopha ululu uja. Kubaya kwenikweniko sikutenga nthawi, amapukuta pakhungu ndi mankhwala abulauni aja, singano imalowa cha m'mbali mwa bondo, umangomva ngati chinthu chikukankha mkati basi. Ukamatuluka umaona ngati wachira koma ndi lidocaine chabe ameneyo, madzulo ake ululu unabwerera woposa poyamba ndipo unakhala mpaka mawa lake, adokotala anali atandichenjeza kale kuti zimatero kwa ena ndiye sindinade nkhawa.

Chimene chinandivuta ndi shuga. Amene muli ndi matenda a shuga ngati ine chonde muziwauza adokotala asanakubayeni, steroid amakweza shuga kwa masiku angapo mwina mpaka sabata ndithu. Ine ludzu linali losasimbika, kutuluka panja usiku pafupipafupi, kamakina kanga koyezera kakuonetsa manambala oti sindinawaonepo, ndinachepetsa nsima nkumayeza m'mawa ndi madzulo mpaka zinatsika. China nchakuti pamene anabaya paja khungu linayererako, kadontho ngati ka ndalama yachitsulo, ife akhungu lakuda zimaonekera kwambiri, sipawawa ndipo pano pakubwerera pang'onopang'ono.

Kenako zinali bho kwabasi. April ndi May ndimakolopa, kuchapa, kuyenda wapansi kuchokera kudepoti mpaka kumsika waukulu osaima, ngakhale chimbudzi chokumba chija chimene ndimachiopa kunjuta kwake ndimakwanitsa. Koma kuzizira kwa June kuno ku Zomba mukukudziwa, chifunga chikatsika kuphiri m'mawa, bondo linayamba kuuma ndikadzuka, pofika August ululu unali utabwerera ngakhale sunafike pomwe unali poyamba paja.

Ndinapitanso kuti andibayenso, adokotala anati mayi tisathamange. Anandifotokozera kuti jakisoni ameneyu safunika kupitirira katatu kapena kanayi pachaka m'bondo limodzi, ndipo pazidutsa miyezi itatu. Mwana wanga anandiwerengera za kafukufuku wa ku America wa 2017, anthu 140 a nyamakazi ya m'bondo, theka amawabaya triamcinolone miyezi itatu iliyonse kwa zaka ziwiri, theka lina madzi amchere chabe, pamapeto pake ululu sunasiyane kwenikweni koma a steroid aja chicherewecherewe chawo chinatha kwambiri kuposa anzawo. Zimenezi zinandipangitsa kuganiza mofatsa, bondoli ndikulifuna zaka zambiri kutsogoloku.

Chimene ndikuona kuti chandisunga ndi mafizo amene a physio anandiphunzitsa nthawi imene ululu unachepa ija, kukhala pampando nkuwongola mwendo, kuugwira m'mwamba pang'ono, kuutsitsa, kugona chagada nkumaukweza uli wowongoka. Ululu uli pachimake sindikanatha kuchita zimenezo, ndiye phindu la jakisoni kwa ine linali lomwelo, anandipatsa mpata wolimbitsa ntchafu. Ndachepetsakonso thupi, ndipo dengu la tomato ndinasiya kusenza pachitunda, ndimalipira wakabaza.

Ena mumasokoneza ndi diclofenac wa pathako amene anthu amakonda kubayitsa msana ukavuta. Ameneyo ndi wina, amagwira maola ochepa chabe, ndipo kumuzolowera kumawononga impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba makamaka ife a BP ndi shuga. Komanso pathako pamadutsa mtsempha waukulu wopita kumwendo, wobaya akalakwitsa malo phazi limatha kuchita dzanzi kapena kulobodoka, nchifukwa chake zobayitsa kunyumba kwa munthu wongoti ndimadziwa zachipatala zimandiopsa ine. Achemwali anga ululu wawo umachokera kumsana nkutsika mwendo wonse mpaka kuchala, anafuna jakisoni ngati wangayu koma anawauza kuti vuto lawo ndi mtsempha wopanikizika kumsana, kubaya bondo sikungathandize kanthu, jakisoni wa kumsana ndi nkhani ina yofuna akatswiri ake.

Mukabayitsa ndiye bondo nkutupa, kutentha, kufiira, thupi nkuyamba kutentha ngati malungo, musamwe panado nkumadikira kuche, thamangirani kuchipatala chachikulu cha Zomba Central tsiku lomwelo chifukwa mwina tizilombo talowa m'bondo, sizichitika kawirikawiri koma zikachitika zimawononga msanga. Ine wachiwiri ndidzabayitsa ululu ukadzafikanso pondilanda tulo, pakadali pano ndikupitiriza mafizo ndipo adokotala anati ndikaonekenso mvula ikayamba.