Syrah wa ku Swartland wa 2015: vinyo wakhwima, koma yang'anani botolo musanalipire

Vinyo wofiira wambiri amene timamupeza m'mashopu mu mzinda wa Tete amachokera ku Portugal ndi ku South Africa, ndipo wambiri amapangidwa kuti amwedwe asanathe zaka zitatu. Syrah wa 2015 wa ku Swartland, kumpoto kwa Cape Town, ndi wosiyana. Chaka chimenecho mphesa zinachita bwino kwambiri ku Cape, ndipo vinyoyu anapangidwa kuti asungidwe.

Mphesa za Syrah kwawo ndi kuchigwa cha Rhône ku France. Pa mabotolo ena amalemba Shiraz, mtundu wake ndi womwewo.

Mukathira pang'ono mu galasi n'kulipendeketsa pamwamba pa pepala loyera, pakati vinyoyu akadali wakuda bii, koma m'mphepete wayamba kufiira ngati njerwa yootcha. Umu ndi mmene Syrah wa zaka pafupifupi 10 ayenera kuonekera. Akakhala wabulauni mpaka pakati, mpweya unalowa m'botolo ndipo wafa kale.

Fungo ndi pamene pali phindu la ndalama zanu. Poyamba silimveka kwenikweni, koma pakatha mphindi 20 kapena 30 limatseguka: tsabola wakuda, nyama yowamba pa utsi, fodya wouma ngati wa m'zigafa za ku Angónia, ndi kafungo ka chipatso chouma kofanana ndi masau oyanika. Tsabolayo sanathiridwemo ayi, amachokera ku rotundone, kamankhwala ka m'khungu la mphesa kamene kalinso mu tsabola weniweni. Anthu ena mphuno zawo sizikamva n'komwe, choncho mnzanu akati palibe tsabola musakangane naye. Palinso kafungo ka khola patalipatali. Kakachepa chonchi kamakometsa, kakachuluka mpaka kukwirira chipatso ndi vuto la yisiti yotchedwa Brettanomyces.

M'kamwa, kukhakhala kuja kumene Syrah wamng'ono amasiya ngati wadya nthochi yosapsa kwafewa. Kuwawasa kukadalipo bwino, ndi kumene kwamusunga zaka zonsezi. Chofooka chake n'chakuti chipatso chayamba kuchepa kumapeto, mukameza mumatsala utsi ndi kutentha kwa mowa, zipatso zitapita kale. Wafika pachimake. Kumusunga zaka zina zisanu, makamaka kuno, ndi kutaya ndalama.

Vuto lalikulu si la opanga, ndi la kasungidwe. Vinyo amafuna malo a madigiri 12 mpaka 14, pomwe mu Okutobala ndi Novembala mzinda wa Tete ndi Moatize zimapitirira 40. Botolo lokhala pashelefu pafupi ndi zenera limapsa pa masabata ochepa. Vinyo akatentha amafufuma n'kukankha chitsekerero, ndiye onani ngati chatukuka pamwamba pa mlomo wa botolo, ngati pakhosi pali kamzere komata ka vinyo wotuluka, ndiponso ngati vinyoyo watsika kufika pamapewa a botolo. Chimodzi mwa zitatuzi chikapezeka, lisiyeni. Vinyo wopsa amanunkha ngati jamu wopserera. Fungo la katoni yonyowa ndi vuto lina, la chitsekerero chodwala, ndipo silibwera chifukwa cha kutentha. Ku Ulónguè n'kozizirirapo, mabotolo amapirira, koma nawonso anadutsa pa lole m'chigwa cha Zambezi.

Potsegula pamafunika kudekha. Imikani botolo tsiku lathunthu kuti nsenga zikhale pansi. Lowetsani chotsegulira mpaka pansi pa chitsekerero n'kukoka pang'onopang'ono, chifukwa chakale chimathetheka. Chikaduka, sefani vinyoyo ndi kansalu koyera kopanda fungo la sopo. Tsanulirani mu jagi yagalasi mutawalitsa tochi ya foni kuseri kwa khosi la botolo, ndipo nsenga zikangofika pakhosipo lekani. Mutaya mwina masupuni atatu basi. Musamusiye mu jagi maola awiri monga amachitira ndi vinyo wamng'ono, wakale amazilala msanga.

Mawu akuti vinyo wofiira salowa mu furiji anachokera kumayiko ozizira. Kuno muikenimo kufikira atazizira kufika pa madigiri 16 mpaka 18, ndipo muzithira pang'onopang'ono, botolo likhale m'beseni la madzi ozizira. Pa madigiri 30 mumangomva mowa woluma m'mphuno. Ayezi m'galasi ayi.

Pa chakudya, nyama ya mbuzi ya ku Tete yootcha pamakala ndi mchere wokha ndiyo imayenderana naye, utsi wa nyama umakumana ndi utsi wa vinyo. Piripiri wambiri amamuwotcha m'kamwa, ndipo kapenta wa ku Cahora Bassa amamupatsa kakomedwe ka chitsulo. Botolo lotsegulidwa limwedwe tsiku lomwelo, mawa lake tsabola uja amakhala atapita.