DJI Mavic 3T kuno ku Salima: maso akuthwa usiku, koma mwera ndi mchenga ndi adani ake

Ma droni a Mavic 3 atchuka chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, kumene asilikali a mbali zonse amazondera nawo adani, ngakhale kampani yowapanga ya DJI inasiya kugulitsa katundu wake ku Russia ndi Ukraine mu 2022. Mtundu wa 3T unatuluka chaka chomwecho, ndipo chimene chimakopa anthu ndi kamera yake yoona kutentha kwa thupi, ya timadontho ta chithunzi 640×512. Ilinso ndi kamera wamba ya 48MP (timadontho ta chithunzi 48 miliyoni) ndi ina yokokera zinthu zakutali. Yonse imalemera magalamu 920.

Kamera ya kutenthayo imagwiradi ntchito, koma pa nthawi yake. Usiku ndi m'bandakucha, nthaka itazizira, njovu yotuluka m'nkhalango ya Thuma kapena mvuu yolowa m'munda wa mpunga imawala pa sikirini moti simungaisokoneze ndi chitsamba. Masana a mu Okutobala ndi nkhani ina: miyala, malata ndi mchenga zimatentha kuposa thupi la nyama, chithunzi chimangoti mbuu. Kamerayi siona pansi pa madzi kapena pansi pa masamba othithikana, ndipo ng'ona imavuta chifukwa thupi lake limatengera kutentha kwa malo amene ili. Amene akuigulira kusaka ng'ona padoko aganize kawiri. Kamerayi musailozenso kudzuwa, sensa yake (kachipangizo kamene kamaona kutentha) imapsa.

A DJI amati batire limodzi la 5000 mAh limauluka mphindi 45, koma kumeneko n'kopanda mphepo. Werengerani mphindi 30 kapena 35, ndipo muziitsitsa batire likafika 25%. Malire ake a mphepo ndi mamita 12 pa sekondi. Mwera wa mu Juni mpaka Ogasiti umafika pamenepo, ndipo droni zambiri zimatayika motere: munthu amaitumiza kumpoto mphepo ikuikankha, pobwerera ikulimbana nayo batire lili pakati. Yambani ulendo molunjika kumene mphepo ikuchokera. Pa ntchito ya usiku wonse pamafunika mabatire osachepera anayi, chifukwa chotchajira cha mabatire atatu chimadzaza limodzi kenako linzake. Musatchaje batire likadali lotentha, ndipo posunga lisiyeni pa 50% kapena 60%. Losungidwa lodzaza m'galimoto yotentha limatupa.

Chokhumudwitsa kwambiri pa mtengo wake n'chakuti droniyi ilibe chitetezo ku mvula ndi fumbi. Mukainyamutsira pamchenga wa ku Senga Bay, mapulopela amautsa mchenga umene umalowa m'mamota ndi m'kachipangizo kogwira kamera, kenako kamera imayamba kunjenjemera. Yalani kapeti kapena thabwa. Pamwamba pa nyanja masensa apansi amasokonezeka ndi mafunde onyezimira, choncho musaitsitse kufupi ndi madzi. Chenjeraninso ndi nkhwazi, imatha kuigwira m'mwamba. Ikayandikira kwezani droni msanga, musathawire pansi.

Mbiri yake ya kunkhondo ili ndi vuto lake kwa ife. Salima ndi kwawo kwa asilikali: kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO komanso gulu la asilikali a parachuti ku Senga Bay. Kuulutsa droni ya kamera yotere pafupi ndi malo amenewa popanda chilolezo n'kudziitanira mlandu, ndipo kulandidwa droniyo n'kosadabwitsa. Pezani kaye chilolezo kwa a Civil Aviation, oyang'anira za ndege, mudziwitse apolisi ndi amfumu a deralo, ndipo m'malo osungira nyama monga Kuti Wildlife Reserve pemphani kwa oyang'anira.

Kwa olondera nkhalango ndi ofunafuna anthu osowa madzi akasefukira m'mitsinje ya Linthipe ndi Lifidzi, ndalama yake siipita pachabe. Woyeza minda agule mtundu unzake wa Mavic 3E m'malo mwake, popeza kamera yake ya 20MP ili ndi shata ya makina (kachitseko kotsegula ndi kutseka kamera pojambula) imene siipinditsa chithunzi droni ikuthamanga.