Valhalla Room: plugin nyenyezi 5, koma mnyamata anadzandiikira uja ayi

Ndiyambe ndi mnyamatayo, chifukwa mtima sunatsikebe. Khadi yogulira zinthu pa intaneti ndilibe, ndiye ndinamutumizira ndalama pafoni kuti andigulire Valhalla Room, pulogalamu ya reverb yomwe imachititsa mawu kumveka ngati akubwerera kuchokera m'makoma a chipinda chachikulu, madola 50, pa mtengo wa dola wa mumsewu, kuphatikizapo yake ya ntchito ndi ya minibasi kuchokera ku Lilongwe. Anafika pa situdiyo yanga pa Kamuzu Road dzuwa litapendeka, n'kuika plugin imeneyi mu FL Studio, pulogalamu yomwe ndimajambulira nyimbo, kenako n'kundikonzera template, ndiye kuti dongosolo la matchanelo lotcheratchera kale, yomwe ankati ndi ya akatswiri. "Bigi, apa musagwirepo chilichonse, inu muzingojambula." Anamwa Fanta, ulendo wa ku depoti.

Sabata yomweyo kunabwera amayi a kwaya ochokera ku Khombedza, anthu 14, nyimbo zinayi. Amene munafikapo kwanga mukudziwa: kachipinda kamodzi, malata pamwamba, matiresi ndi mathireyi a mazira m'makoma. Mawu a m'menemo amatuluka ouma gwa. Amayiwo ankafuna nyimbo zimveke ngati ali m'tchalitchi mwawo Lamulungu m'mawa, ndipo n'chimene ndinagulira reverb imeneyi.

Ndinasakaniza mawu a nyimbozo usiku magetsi atayaka, pa mahedifoni. Zinkamveka zazikulu, ine n'kumadzitama ndekha. Ndinatumiza pa WhatsApp n'kukagona.

M'mawa ndisanamwe ndi tiyi yemwe, kabaza anaima pakhomo. Amayi a tcheya, ndi mlembi wawo. Moni anayankha mwachidule. Anaika foni patebulo, n'kuyatsa nyimbo yoyamba, n'kupinda manja. Tinamvetsera mpaka pakati.

"Mwana wanga, ifeyo tinaimbira m'chitsime kodi?"

Ndinasowa poyang'ana. Pa kasipika ka foni, wotsogolera nyimbo ankamveka ngati waima kuseri kwa benchi yomaliza. Mawu onse anasanduka phala: ma "ch", ma "ts", ma "k" anamira, kunangotsala aaa ndi ooo. Ng'oma inkangoti wuuu osadziwika pomwe dzanja lagunda. Mlembi anawonjeza kuti anthu a kumpingo akufunsa ngati nyimboyo ili m'Chichewa. Ndalama yotsala anati sapereka mpaka atamva mawu awo, ndipo ndinalibe pokanira. Ndinayimbira mnyamata uja kasanu ali pompo. Osayankha.

Atachoka ndinatsegula template yosagwira ija. Abale! Reverb anaiika pa tchanelo chilichonse cha maiki, Mix, yomwe imayeza kuchuluka kwa reverb m'mawu, ili pa 50 peresenti. Anaikanso ina pa send, njira yapambali yomwe matchanelo amatumizirako mawu, nayonso pa 50. Yachitatu pa master, pomwe mawu onse amathera, kuti chilichonse chidutse m'tchalitchi katatu. Munthu wotereyu akudzitcha injiniya.

Apa ndi pomwe ndinakhala pansi n'kuiphunzira ndekha, ndipo pomwepa mkwiyo wanga pa plugin unathera, chifukwa tsiku loyamba ndinkaitukwana nayonso. Nkhani yonse ili pa mawu awiri: dry, omwe achoka pakamwa n'kulowa m'maiki, ndi wet, omwe abwerera kuchokera m'makoma. Khutu limayeza mtunda ndi awiriwa. Mukakhala kutsogolo m'tchalitchi, mumayamba kumva pakamwa pa woimba, makoma n'kutsatira. Mukapita kumbuyo kwenikweni, makoma amaposa pakamwa. Ndiye mukachulutsa wet, simukukulitsa tchalitchi ayi, mukukankhira woimba kutali ndi womvera. N'zimene zinachitikira amayi aja.

Ndinachotsa zonse n'kusiya imodzi yokha pa send, Mix pa 100. Pa send imayenera kukhala choncho, chifukwa mawu ouma ali kale ndi njira yawo. Mukasiya pa 50 ndiye kuti mukuwabwereza, ndipo mukamakweza reverb mawu enieniwo amakwera nawo, simudziwanso chomwe mukusintha. Kenako aliyense ndinamupatsa mlingo wake: wotsogolera pang'ono, gulu lonse mochulukirapo, ng'oma kachidutswa chabe. Onse m'chipinda chimodzi, koma wina kutsogolo, ena kumbuyo, monga amaimira paguwa.

Chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi Predelay, kanthawi komwe reverb imadikira isanayambe kumveka. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndiye mamilisekondi 30 ndi ulendo wa mamita 10. Nditaika pamenepo, liwu limayamba latuluka lokha, chipinda n'kuyankha pambuyo. Ma "ch" onse aja anabwerera ngati ndawatola pansi. Ndinakhala theka la ola ndikungosuntha kameneka, kuchoka pa 0 kufika pa 60, kumvetsera mayi wotsogolera akuyandikira ndi kutalikira. Pali kenanso kotchedwa Depth, komwe kamagawa pakati pa kubwerera koyamba kwa makoma apafupi ndi mchira wautali uja. Mukakatsitsa mumamva makoma, mukakakweza mumamva denga lalitali. Kwa kwaya ndinakasiya chapakati. Decay, kutalika kwa nthawi yomwe reverb imatenga kuti izilale, ndinaisiya pa masekondi 1.8, kupitirira apo nyimbo yothamanga ija, ya m'manja, mzere wina umakwera pa unzake. High Cut, yodula mawu a pamwamba, ndinatsitsa kuti ma "s" asiye kulira, ndipo kuseri kwa reverb ndinaika EQ, sefa ya mawu, yodula mawu onse a besi a pansi pa 300 Hz. Ng'oma inayera nthawi yomweyo.

Kanthu kena komwe mnyamata uja sanandiuze, mwina sakukadziwa: mukadina pa liwu la Mix, nambalayo imakhoma, ndiye mutha kuyendayenda m'ma preset, makonzedwe obwera kale ndi plugin, osaisokoneza. Laputopu yanga ndi yakale koma sinatsamwe, ndipo palibe kachipangizo ka USB koti muzisunga ngati kiyi.

Kunena chilungamo, mlandu wina ndi wanga. Ndani amatumiza nyimbo osaimva pafoni? Anthu athu kuno samvera pa masipika a situdiyo. Amamvera pa foni ya mabatani, pa kasipika ka Bluetooth pamsika, m'minibasi ya ku Senga Bay injini ikulira. Reverb yomwe pa mahedifoni imatambasuka kumanzere ndi kumanja, pa sipika imodzi imaunjikana pamwamba pa mawu. Panopa ndimakweza send mpaka ndiimve bwinobwino, kenako n'kubweza pang'ono, n'kutuluka panja ndi foni kukamvera pansi pa mtengo wa mango. Ndipo mnyamatayo, pa zonse analakwa, laisensi anagula yeniyeni, pa imelo yanga, osati zobedwa zomwe ena amakuikirani n'kukulipiritsani ngati zogula. Pamenepo pokha ndimupatse ulemu wake.

Amayi a tcheya anabweranso Lachisanu. Foni patebulo, manja opinda ngati poyamba. Vesi yoyamba isanathe anayamba kutsatira chapansipansi, mlembi n'kumagwedeza mutu. "Eya, awa ndiye ife." Analipira yotsala ija, koma anachotsapo ya kabaza ya maulendo awiri, kupita ndi kubwera, anthu awiri. Ndalama imeneyo ndikuifuna kwa mnyamata uja. Uthenga wanga anauwerenga Lolemba, timizere tiwiri tabuluu tikuoneka.